Kugulitsa Chamba ndi Mankhwala Ena Oletsedwa Kudzera pa Foni: Zomwe Malamulo Akunena

Alimi, amalonda ndi anthu onse a m'chigwa cha Domasi, m'boma la Zomba, akudziwitsidwa kuti kutsatsa kapena kugulitsa mankhwala ozunguza bongo pa WhatsApp, pa Facebook ndi pa masamba ena a mchezo ndi mlandu wofanana ndi kugulitsa mankhwalawo pamanja. Malamulo a dziko lino sasiyanitsa munthu wogulitsa chamba kuseri kwa msika wa Songani ndi munthu wochigulitsa ali chogona m'nyumba mwake, foni ili m'manja. Kusiyana kulipo kumodzi kokha, ndipo n'kopweteka wa pafoniyo: iye amadzilembera yekha umboni womumangitsa.

Foni yathandiza kwambiri malonda m'dera lino. Mlimi wa mpunga amagwirizana mtengo ndi wogula wa ku Limbe asanakweze thumba pagalimoto, ndipo mayi wogulitsa nsomba za ku Chilwa amalandira ndalama zake pa Airtel Money kapena pa Mpamba. Palibe cholakwika pamenepo. Koma njira yomweyo ndi imene ena amaigwiritsa ntchito pofuna makasitomala a katundu woletsedwa, poganiza kuti dzina labodza ndi chithunzi cha munthu wina ziwabisa.

Lamulo loyamba loyenera kulidziwa ndi la Dangerous Drugs Act, lomwe limaletsa kulima, kusunga, kunyamula ndi kugulitsa chamba popanda chilolezo, komanso mankhwala monga kokeni ndi heroini. Pansi pa lamuloli sipafunika kuti munthu apezeke akulandira ndalama: kupezeka ndi chamba kokha ndi mlandu. M'chaka cha 2022 bwalo la majisitireti ku Blantyre lidalamula mnyamata wina kukakhala kundende zaka 8 atapezeka ndi chamba chochuluka. Chigamulocho chidautsa mkangano m'dziko lonse ndipo Bwalo Lalikulu lidachepetsa chilangocho, koma kundende adalowabe.

Pali chisokonezo chimene chiyenera kuwongoledwa. M'mwezi wa February 2020 Nyumba ya Malamulo idavomereza lamulo la Cannabis Regulation Act, ndipo kuyambira pamenepo anthu ambiri akhala akuuzana kuti boma lidamasula chamba. Si choncho. Lamuloli lidaloleza ulimi ndi malonda a chamba chopangira mankhwala, chogwiritsa ntchito m'mafakitale ndi cha kafukufuku, ndipo lidakhazikitsa bungwe la Cannabis Regulatory Authority kuti lizipereka ziphaso ndi kuyendera omwe azilandira. Kusuta chamba kudakali koletsedwa. Lamulo lomwelo lidaika chindapusa chofika K50 miliyoni ndi kukhala kundende mpaka zaka 25 kwa wolima, wokonza kapena wogawa chamba mosatsata ndondomeko yake. Choncho mlimi amene walandira uthenga pafoni womulonjeza mbewu ndi msika, kapena womuuza kuti atumize ndalama kuti “alowe m'chiphaso cha gulu”, ayambe wafunsa kwa alangizi a zaulimi kapena ku bungwe lenilenilo. Chithunzi cha chiphaso cha munthu wina chotumizidwa pa WhatsApp sichiteteza munda wanu. Apolisi akafika, wofunsidwa ndi mwini munda, pomwe wolonjeza uja wathimitsa kale foni.

Mankhwala a kuchipatala nawonso ali ndi lamulo lawo, la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority Act la 2019. Mapiritsi monga tramadol ndi diazepam, ndi mankhwala a chifuwa okhala ndi codeine, amagulitsidwa ndi okhawo amene ali ndi chiphaso, motsatira malangizo a dokotala. Kuwatsatsa pa intaneti popanda chiphaso n'kuphwanya lamulo, ndipo akakhala obedwa m'chipatala cha boma, pamabweranso mlandu wakuba kapena wolandira katundu wobedwa.

Tsono n'chifukwa chiyani foni siingabise munthu? Kuyambira m'chaka cha 2018 nambala iliyonse ya foni m'Malawi imalembetsedwa pogwiritsa ntchito chiphaso, makamaka chitupa cha unzika, motsatira malangizo a bungwe la MACRA. Tsamba la pa Facebook likhoza kukhala ndi dzina lopeka, koma wogula amayenera kuimba kapena kutumiza ndalama pa nambala inayake, ndipo nambalayo ili ndi mwini wake wodziwika. Ndalama iliyonse yodutsa pafoni imasiya mapazi: tsiku, nthawi, kuchuluka kwake, wotumiza, wolandira ndi ejenti amene adaitulutsa. Zolembedwa zimenezi zimasungidwa ndi kampani, osati m'foni mwanu, ndipo apolisi angathe kuzipeza ndi chilolezo cha bwalo la milandu.

Ena amadalira mawu akuti mauthenga a pa WhatsApp ndi otsekedwa ndipo palibe angawawerenge ali panjira. Zimenezo n'zoona, koma uthenga umakhala m'mafoni awiri. Wogulitsa akhoza kufufuta wake, koma sangafufute zithunzi zomwe wogula adasunga, mawu ojambulidwa amene adatumizidwa kwa mnzake, kapena zimene adaona anthu makumi asanu a pagulu limodzi. Wogula akangogwidwa pachipata cha apolisi cha pamsewu wa M3, foni yake imafotokoza zonse. Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limavomereza kuti mauthenga a pafoni ndi a pakompyuta aperekedwe ngati umboni m'khoti. Amene kale akadatha kunena kuti “sindimudziwa munthuyu” lero amawerengeredwa mawu ake omwe.

Ngakhale akatswiri a makompyuta adalephera kubisala. Ku America, Ross Ulbricht adakhazikitsa msika wa pa intaneti wotchedwa Silk Road, wobisika mwaukadaulo kwambiri, kumene malipiro ankachitika ndi ndalama za Bitcoin. Adamangidwa mu October 2013 ali m'laibulale mu mzinda wa San Francisco, kompyuta yake ili chitsegulire, ndipo mu 2015 adalamulidwa kukhala m'ndende moyo wake wonse. Adatuluka mu January 2025 atakhululukidwa ndi mtsogoleri wa dzikolo, atatha zaka zoposa 11 ali mkaidi. Chimodzi mwa zomwe zidamuulula ndi uthenga wakale umene adaikamo adiresi yake ya imelo yokhala ndi dzina lake lenileni.

Nkhani imene ikukhudza anthu ambiri a kuno ndi ya othandizira, pakuti malonda a pafoni sayenda ndi munthu mmodzi. Pamafunika wonyamula, wosunga ndi wolandira ndalama. Lamulo la Penal Code limaona wothandiza kapena wolimbikitsa mlandu mozindikira ngati wopalamula mlanduwo. Wa kabaza amene walipidwa mowirikiza kuti akatule kaphukusi ku Malosa osafunsa za m'kati, kondakitala wa minibasi wolandira katoni ya ku Liwonde, mayi amene wavomera kusunga thumba m'nkhokwe, onsewa ndi amene amapezeka ndi katunduyo m'manja. Mwina khoti lingadzakhulupirire kuti simunkadziwa, koma mudzafotokoza zimenezo mutagona kale m'chitokosi, njinga yamoto ili kupolisi. Chimodzimodzinso kubwereketsa chitupa kuti mdzukulu kapena mnansi alembetsere nambala. Kwathu kuno kukana wachibale n'kovuta, koma dzina loyamba kutuluka pakafukufuku ndi la mwini chitupa.

Ndalama zake nazonso sizikhalitsa. Lamulo la Financial Crimes Act la 2017 limalamula mabanki ndi makampani otumiza ndalama kuti azidziwitsa bungwe la Financial Intelligence Authority za ndalama zokayikitsa, ndipo limapatsa khoti mphamvu yolanda katundu wopezeka kudzera mu mlandu. Malata, ng'ombe kapena galimoto zogulidwa ndi ndalama zotere zikhoza kulandidwa.

Amene ali ndi abale ku South Africa azindikirenso izi. Khoti lalikulu loona za malamulo oyendetsera dzikolo lidagamula mu 2018 kuti munthu wamkulu akhoza kusuta chamba mwa yekha, koma kugulitsa kudakali mlandu. Phukusi lotumizidwa pabasi ya ku Johannesburg limadutsa m'maiko angapo, ndipo dziko lililonse limazenga mlandu ndi malamulo ake.

Aliyense amene walandira uthenga womutsatsa mankhwala otere, kapena waona mwana wa sukulu akutumidwa kukatula katundu wokayikitsa, asafufute uthengawo ndipo asautumize kwa ena. Apite nawo kupolisi yapafupi, kapena adziwitse a nyakwawa ndi a komiti ya chitetezo cha m'mudzi. Amene akufuna kusiya kugwiritsa ntchito mankhwalawa angayambire pachipatala cha Domasi, kumene achipatala akaona kuti n'kofunika adzawatumiza ku chipatala cha odwala matenda a maganizo cha Zomba.