Chingwe cholumikiza kompyuta ndi sikirini: yang'anani kumbuyo musanakwere kombi

CHITUNGWIZA, Zimbabwe – Munthu wokhala ku Nyatsime, m'mphepete mwa tauni ya Chitungwiza, akafuna chingwe cholumikiza kompyuta ndi sikirini, kawirikawiri amakwera kombi kupita kumasitolo a ku Makoni, apo ayi kupitirira mpaka mumzinda wa Harare, mtunda wa makilomita pafupifupi 30. Akabwerako ndi chingwe chosalowa, kapena cholowa bwinobwino koma sikirini n'kungokhala bii, ndiye kuti ulendo ubwerezedwa, ndipo si wogulitsa aliyense amene amalandiranso katundu wotsegulidwa kale.

Vutoli si la ku Nyatsime kokha ayi. Lilipo ku Lilongwe, ku Chipata ndi ku Tete, ndipo gwero lake ndi limodzi: makina ambiri a m'nyumba, m'sukulu ndi m'timaofesi totayipira makalata kuno kum'mwera kwa Africa ndi ogwiritsidwapo kale ntchito, ndipo sanapangidwe nyengo imodzi. Laputopu yatumizidwa ndi mbale wa ku Johannesburg, sikirini inagulidwa pamene ofesi ina inkagulitsa katundu wake wakale, pulojekita ndi ya kutchalitchi. Chilichonse mwa zimenezi chili ndi mabowo olowetsapo chingwe ogwirizana ndi zaka zimene chinapangidwa. Choncho funso loyamba si lakuti chingwe chabwino koposa n'chiti, koma lakuti kumbuyo kwa makina awiriwo kuli mabowo otani.

Bowo lakale kwambiri limene likupezekabe ndi la VGA. Kampani ya IBM inalibweretsa mu 1987. Limadziwika ndi mtundu wake wa buluu, timabowo 15 tondandalikidwa m'mizere itatu, ndi tizomangira tiwiri topota ndi zala. VGA imatumiza chithunzi monga mphamvu ya magetsi yokwera ndi kutsika, njira imene amisiri amaitcha analogi, ndipo sinyamula mawu. Chifukwa cha kapangidwe kameneka, chilichonse chosokoneza magetsi panjira chimaonekera pa sikirini. Chingwe chikakhala chachitali kwambiri kapena chowonda, zilembo zimachita mthunzi, ndipo kumene anthu amadalira jenereta kapena invata magetsi akazima, monga zimachitikira kawirikawiri ku Zimbabwe, nthawi zina pamaoneka timizere toyenda ngati mafunde.

Mu Disembala 2010 makampani a Intel ndi AMD, pamodzi ndi Dell, Lenovo, Samsung ndi LG, analengeza kuti asiya pang'onopang'ono kugwiritsa ntchito VGA pofika 2015. N'chifukwa chake malaputopu ambiri atsopano alibe bowo la buluu, pamene masikirini akale ndi mapulojekita a m'makalasi akadali nalo. Kusamvana kwakukulu kumayambira pamenepa.

Pakati pa zakale ndi zatsopano pali DVI, ya mu 1999, imene mutu wake ndi waukulu ndipo nthawi zambiri ndi woyera. Ili ndi msampha umene wapusitsa ambiri. Mtundu wotchedwa DVI-I umanyamula chithunzi m'njira zonse ziwiri, ya analogi ndi ya dijito, pamene DVI-D imanyamula ya dijito yokha. Kusiyana kwake kumaoneka ndi maso: pambali pa bowo pali kamng'alu kopingasa, ndipo ngati kazunguliridwa ndi timabowo tinayi, nthawi zambiri imeneyo ndi DVI-I. Kachipangizo kotsika mtengo kosinthira DVI kukhala VGA kamagwira ntchito pa DVI-I basi.

Bowo limene anthu ambiri amalidziwa masiku ano ndi la HDMI, limene linatuluka kumapeto kwa 2002. Lili ndi timano 19, limatumiza chithunzi ndi mawu pamodzi, ndipo limapezeka pa TV, pa dikoda ndi pa laputopu. Kwa banja limene silingathe kugula sikirini yapadera, TV ya pabalaza imasanduka sikirini ya kompyuta ndi chingwe chimodzi chokha. Mnzake wa HDMI ndi DisplayPort, imene bungwe la VESA linakhazikitsa mu 2006. Imapezeka kwambiri pa makompyuta a m'maofesi, monga a Dell OptiPlex ndi HP EliteDesk amene amagulitsidwa atagwiritsidwa kale ntchito. Poyang'ana mofulumira mabowo awiriwa amafanana, koma la HDMI ndi losemedwa ngodya ziwiri pamene la DisplayPort ndi losemedwa ngodya imodzi. Zingwe zambiri za DisplayPort zili ndi kokowera: wozula osadina kabatani ka pamutu pake akhoza kuthyola bowo lenilenilo.

Lamulo lake n'losavuta. Ngati makina onse awiri ali ndi bowo lofanana la dijito, kaya HDMI, DisplayPort kapena DVI, gulani chingwe chimene mitu yake iwiri ndi yofanana. VGA ikhale yomaliza, pamene palibe njira ina.

Nkhani imakula pamene mabowo safanana. M'masitolo, chilichonse cholumikiza mabowo osiyana chimangotchedwa adaputa, koma dzina limodzili likubisa zinthu ziwiri zosiyana kotheratu. Adaputa ina imangosintha maonekedwe a mutu, chifukwa makina awiriwo amalankhula kale chinenero chimodzi. Chitsanzo ndi DVI-D ndi HDMI: chithunzi chimatumizidwa mofanana, choncho chingwe wamba chimagwira ntchito mbali zonse ziwiri, ngakhale kuti mawu nthawi zambiri amatsalira. Adaputa ina ndi womasulira weniweni, ndipo mkati mwake muli kachipangizo kamene kamasandutsa dijito kukhala analogi, kapena analogi kukhala dijito. Aliyense amene anagwirapo ntchito yomasulira amadziwa kuti kumasulira kuchokera m'Chingerezi kupita m'Chichewa ndi luso lina, kubwerera nalo ndi lina. Anthufe timayesetsa mbali zonse ziwiri, koma kachipangizo aka kamadziwa mbali imodzi yokha.

Motero adaputa yolembedwa kuti "HDMI to VGA" ndi ya laputopu ya HDMI ndi sikirini ya VGA. Mukaitembenuza kuti mulumikize kompyuta yakale ya VGA ku TV ya HDMI, ilowa bwinobwino koma palibe chioneke. Pamenepo pafunika ina, yolembedwa kuti "VGA to HDMI", imene imakhala ndi kachingwe ka USB kotengera magetsi ndi kena kotengera mawu. Dzina loyamba pa paketi ndi la kompyuta, lachiwiri ndi la sikirini. N'chimodzimodzinso ndi DisplayPort: chingwe chotsika mtengo chochokera ku DisplayPort ya kompyuta kupita ku HDMI ya sikirini chimagwira ntchito pa makompyuta ambiri, makamaka okhala ndi chizindikiro cha DP++, koma sichigwira ntchito chikatembenuzidwa.

Palinso zingwe zokhala ndi mutu wa HDMI uku ndi wa VGA uko, zopanda kachipangizo kalikonse mkati. Pa makina wamba zoterezi sizigwira ntchito, ndipo m'kuona kwathu siziyenera n'kugulitsidwa komwe.

Bowo latsopano koposa ndi USB-C, la mu 2014, lofanana ndi lotchajira foni. Si bowo lililonse la USB-C limene limatulutsa chithunzi. Ena amangonyamula mafayilo ndi magetsi. Kachizindikiro ka mphezi, kamene kamaimira Thunderbolt, kapena zilembo za DP pambali pa bowo, ndi umboni woti chithunzi chituluka. Ngati palibe chizindikiro, ndi bwino kufufuza dzina ndi nambala ya laputopuyo musanatulutse ndalama. Chingwe chotchajira foni nachonso sichikwanira pa ntchito imeneyi.

Nanga chingwe chodula chimaonetsa bwino kuposa chotsika mtengo? Pa VGA zimatheka, popeza chingwe chonenepa, chotchingidwa bwino mkati, chimachepetsa mthunzi ndi mizere ija. Pa dijito ayi. Chithunzi chikafika chafika chathunthu, ndipo chikalephera chimathwanima, kuchita timadontho kapena kuzimiratu. Mitu yonyezimira ngati golide siwonjezera kanthu pa kuwala kwa zilembo. Chofunika ndi kuchuluka kwa zimene chingwe chinganyamule. Pa sikirini wamba ya timadontho 1920 mopingasa ndi 1080 choimirira, chingwe chilichonse cholembedwa kuti High Speed HDMI chimakwanira. HDMI 1.4 ya mu 2009 imafika pa 4K koma imasintha chithunzi ka 30 kokha pa sekondi, pamene HDMI 2.0 ya mu 2013 imafika ka 60. Amene akufuna 4K yosadukiza ayang'ane chingwe cholembedwa kuti Premium High Speed, komanso atsimikize kuti kompyuta ndi sikirini zonse zimatha zimenezo. Pa tebulo, mamita awiri amakwanira. Chingwe cha HDMI chopitirira mamita 10, monga cha pulojekita yopachikidwa kudenga la holo, chimafuna kuyesedwa chisanakhomeredwe.

Njira yopewera ulendo wachiwiri ili m'thumba mwanu. Jambulani ndi foni kumbuyo kwa kompyuta ndi kwa sikirini, pamalo owala, ndipo muonetse wogulitsa zithunzi zonse ziwiri, kumuuza kuti kompyuta ndi iti. Mayina a mabowowa ndi amodzimodzi kwa wolankhula Chishona, Chichewa kapena Chipwitikizi, koma chithunzi chimathetsa mkangano msanga. Ngati ndi laputopu, inyamuleni mukayesere pomwepo.

Mukafika kunyumba sikirini n'kulemba kuti "No Signal", musafulumire kuimba mlandu chingwe. Dinani batani la Source kapena Input pa sikirini kuti musankhe bowo limene mwalowetsapo. Pa kompyuta ya Windows, dinani batani la Windows pamodzi ndi chilembo P, musankhe Duplicate kapena Extend. Pa kompyuta ya patebulo yokhala ndi khadi lapadera la zithunzi, chingwe chilowe m'mabowo a khadilo, amene amakhala m'munsi, osati a m'mwamba pafupi ndi a USB. Ndipo ngati chithunzi cha VGA chasanduka chachikasu kapena chofiirira, zulani chingwecho muyang'ane timano: kawirikawiri kamodzi kamakhala katapindika.