Gitala ya flamenco imamveka bwino ukamaona woiimba

Anthu okonda nyimbo za flamenco amakonda kunena kuti ungamvetsere chimbale kambirimbiri, koma gitala imeneyi umadzaimvetsa tsiku limene wakhala pafupi ndi woiimba n'kumaona zala zake. Mawuwa si ongokometsera nkhani. Chifukwa chake chagona pa ntchito imene gitalayo imagwira.

Kwawo kwa flamenco ndi ku Andalusia, chigawo cha kummwera kwa dziko la Spain, makamaka mizinda ya Sevilla, Cádiz ndi Jerez de la Frontera. Amene anaisunga kwambiri ndi mabanja a Agitano, anthu a mtundu wa Roma omwe kwa zaka mazanamazana ankasalidwa m'dzikomo. M'chaka cha 2010 bungwe la UNESCO linaika flamenco pamndandanda wa miyambo yofunika kutetezedwa, womwenso pali Gule Wamkulu. Lusoli lili ndi mbali zitatu: kuimba kwapakamwa, komwe eni ake amati cante, kuvina ndi kuimba gitala. Pa zitatuzi, gwero ndi kuimba kwapakamwa. Gitala inalowa ngati mperekezi.

Mperekezi sayenda mmene akufunira. Woimba wapakamwa akhoza kukoka liwu limodzi mpaka mpweya utamuthera, ndipo wagitala ayenera kudikira, kenako n'kumulandira pomwe watsikira. Wovina naye ali ndi njira yake yolamulira: amaponda pansi mwamphamvu m'kapondedwe kodziwika, kotchedwa llamada, kusonyeza kuti gawo lina likuyamba. Wagitala sauzidwa ndi pakamwa. Amangoyang'ana mapazi ndi mapewa. Pachimbale umamva kuti nyimbo yakhota, koma amene waikhotetsa sumuona, ndipo kukoma kwambiri kuli pomwepo.

Chimene chimawamanga pamodzi onsewa ndi compás, kuwerengera kwa kagundidwe ka nyimbo. M'mitundu ina ya flamenco, monga soleá ndi bulería, kagundidweka kamazungulira pa 12, ndipo mphamvu imagwera pa 3, 6, 8, 10 ndi 12. Khutu lozolowera kuwerenga zinayizinayi limasokonezeka poyamba. Oomba m'manja, omwe mlendo angawayese ongosangalatsa bwalo, ndiwo amasunga kuwerengera kumeneku. Wagitala akhoza kukhala ndi zala zothamanga chotani, koma akataya compás ulemu wake watha.

Gitala yakenso inapangidwira phokoso la pabwalo. Kawirikawiri mbali ndi kumsana kwake zimakhala za mtengo wa cypress, wopepuka, ndipo nsambo zimakhala pafupi kwambiri ndi khosi la gitalayo. Liwu lake limatuluka lakuthwa n'kuzima msanga, kuti lisamire pansi pa nsapato za wovina. Pamimba pake amamatapo kachikopa kapulasitiki chifukwa woimba amagogodapo ndi chala ngati ng'oma. Palinso rasgueado, pomwe zala zimatambasuka chimodzichimodzi mothamanga n'kukwapula nsambo. Womvera pawailesi angalumbire kuti akuimba ndi anthu awiri.

Amene anayamba kuikweza gitalayi kuti iziima payokha ndi Ramón Montoya, yemwe anaimba yekha ku Paris mu 1936. Koma dzina limene dziko lonse likulidziwa ndi la Paco de Lucía, wobadwira ku Algeciras mu 1947. Nyimbo yake ya Entre dos aguas, ya mu 1973, inafika ngakhale kwa anthu omwe sankalabadira za flamenco, ndipo mu 1975 anaimba mu Teatro Real ku Madrid, nyumba imene inkatengedwa ngati ya nyimbo za anthu apamwamba. Chochititsa chidwi n'chakuti katswiriyu anatha zaka zambiri ali mperekezi, akuimbira Camarón de la Isla, yemwe anatulutsa naye chimbale choyamba mu 1969. Ndiyenso analowetsa cajón mu flamenco, bokosi lamatabwa limene woimba amalikhalira n'kumaliomba ndi manja. Analipeza ku Peru, komwe linachokera kwa zidzukulu za akapolo ochokera ku Africa. Lero ambiri amaliyesa la ku Spain. Paco de Lucía anamwalira ku Mexico mu 2014.

Wofuna kuonera ali ndi malo osankhapo. Pali tablao, malo odyera okhala ndi kansanja kathabwa, omwe amadalira kwambiri alendo odzaona dziko. Ena amawanyoza malowa, koma mopitiriza muyeso, pakuti akatswiri ambiri anaphunzirira momwemo, usiku ndi usiku. Pali chikondwerero cha Bienal de Flamenco, chomwe chakhala chikuchitika ku Sevilla pa zaka ziwiri zilizonse kuchokera mu 1980. Komabe gitala imamveka bwino koposa mu peña, kalabu yaing'ono ya okonda flamenco, momwe omvera amakhala moyandikana ndi oimba ndipo ambiri amaidziwa nyimbo iliyonse. Mmenemo kufuula kuti olé kuli ndi nthawi yake. Kumabwera pomwe woimba watseka bwino mzere wovuta, ndipo mlendo wofuula pakati pa mzere amatembenukiridwa ndi chipinda chonse.