Mayi wa ku tiyi safuna kusiyira mwana wake dengu

Inu a mumsika wa Limbe, Ndirande ndi Blantyre, mukamafuula kuti "masamba a tiyi awa!" kodi mumadziwa manja amene anathyola masambawo? Ena mwa manjawo ndi a amayi a ku Thyolo, a m'maesiteti monga Satemwa, Conforzi, Naming'omba, Makandi ndi Makwasa. Amalawira mbandakucha dengu lili kumsana, mame akunyowetsa chitenje, ndipo madzulo amakaima pa sikelo kuti kalaliki alembe makilogalamu. Koma mukacheza nawo, ya sikelo imatha msanga. Nkhani yawo yaikulu ndi ana.

Mayi wothyola tiyi amanyadira mwana ngati mayi wina aliyense, koma kunyada kwake kuli ndi mbiri. Tiyi anafika ku Thyolo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, ndipo esiteti ya Satemwa inayamba mu 1923. Anthu ambiri amene ankagwira ntchito m'mindamu anali Alhomwe ochokera ku Mozambique, ndipo nthawi ya thangata ankalipira malo okhala ndi thukuta lawo. M'mabanja ambiri agogo anathyola, amayi anathyola, mwana naye n'kudzathyola. Ndiye mwana akabwera ndi lipoti la kusukulu kuti wakhoza, mayi amaona ngati unyolo uja wayamba kuduka. Lipotilo limayenda m'komboni monse, ngakhale akapitawo amalionako.

Khomo linatseguka mu 1994 pamene boma la a Bakili Muluzi linachotsa fizi ku pulayimale. Chaka chimenecho ana a sukulu m'dziko muno anachoka pa 1.9 miliyoni n'kufika pafupifupi 3 miliyoni. Amayi ambiri amene akuthyola tiyi lero anali m'gulu la ana amenewo, koma ambiri sanafike patali. N'chifukwa chake akulimbikira kuti awo apitirire pamene iwo analekezera. Ndipo pa Thyolo pomwepa pali zoti mwana n'kusirira. Ku Malamulo, pafupi ndi Makwasa, kuli koleji yophunzitsa anamwino ndi azachipatala. Ku Ndata kuli yunivesite ya MUST imene inatsegulidwa mu 2014. Mayi akaona wa mnzake atavala yunifomu yoyera ya unesi, mumtima amati wanganso adzavala.

Koma mwana akamakula, nkhawa nayo imakula. Ali wamng'ono vuto linali phala ndi malungo. Akafika Sitandade 8 pamafunika nsapato, makope, yunifomu yachiwiri, ndipo malo a ku sekondale ndi ochepa poyerekeza ndi ana okhoza mayeso. Ntchito ya tiyi nayo ndi ya nyengo. Masamba amachuluka nthawi ya mvula, kuyambira Disembala mpaka cha mu Epulo, ndipo chilimwe chikafika aganyu ambiri amawaimitsa. Apa ndi pamene katapila amalowa m'nyumba, ndalama ya fotinaiti n'kumatha isanafike m'manja.

Kwina mwana akalephera sukulu amati apite kumunda. Ku Thyolo munda wake uti? Kalembera wa 2018 anapeza anthu opitirira 700,000 m'bomali, ndipo malo aakulu achonde ali m'manja mwa maesiteti. Kuyambira mu 2004, pulojekiti ya Kudzigulira Malo inasamutsa mabanja ena kupita ku Mangochi ndi Machinga, koma otsala akadali opanikizana. Nthochi za ku Thekerani, zimene zinkadzaza malole obwera m'misika yanu, zinathedwa ndi matenda a chisaka. Ndipo poti kuno ndi kwa chikamwini, banja likatha bambo amanyamula chikwama n'kubwerera kwawo, ana n'kutsala ndi mayi. Amalume alipo inde, koma nawonso ali ndi mavuto awo.

Wamwamuna akafika zaka 16 amayamba kulota njinga ya kabaza kapena ulendo wa ku Joni. Mayi amadziwa kuti ena amatumizadi ndalama n'kumanga nyumba ya malata, koma amadziwanso za amene anapita opanda mapepala n'kungoti zii, foni osaimba.

Wamkazi ndiye amamusowetsa tulo. Malamulo a dziko lino anasinthidwa mu 2017 kuti munthu asalowe m'banja asanakwane zaka 18, koma lamulo silidyetsa mwana. Tsiku la malipiro pamatauni ang'onoang'ono ozungulira maesiteti pamakhala ndalama, mowa ndi amuna olonjeza sopo ndi foni. Nanga ntchito ya m'tiyi momwemo? Mayi amaidziwa mkati mwake. Mu 2021 kampani ya Camellia, mwini wake wa Eastern Produce Malawi, inavomera kupereka mapaundi 2.3 miliyoni, kuphatikizapo zolipira maloya, pothetsa mlandu umene amayi 36 anakasuma ku England wokhudza kugwiriridwa ndi nkhanza zina m'maesiteti. Kampaniyo sinavomere kulakwa, koma inalonjeza kukhwimitsa chitetezo cha amayi ndi kuwonjezera akapitawo aakazi. Mayi amene anamva nkhani imeneyi sangafune mwana wake wamkazi akapemphe ntchito kwa munthu amene ali ndi mphamvu yolemba kapena kufufuta dzina.

Sikuti zonse zangoima. Mu 2016 bungwe la ogwira ntchito m'maesiteti la PAWU linasainirana pangano loyamba la malipiro ndi bungwe la eni tiyi la Tea Association of Malawi. Lamulo la ntchito la 2000 limaletsa kulemba mwana wosakwana zaka 14 m'munda wa esiteti kapena pabizinesi, ndipo lamulo la maphunziro la 2013 limati mwana aliyense azipita ku pulayimale. Koma mwana akapanda kulowa m'tiyi n'kusowanso kope, amapita kuti?

Amabwera kwa inu. Kamtsikana kamene kakukulelerani mwana ku Bangwe kapena ku Chilobwe inu muli pa benchi, kamnyamata kamene kakuyenda ndi beseni la mandasi anu pa depoti, afunseni kwawo. Kawirikawiri mudzamva kuti ku Thyolo kapena ku Mulanje. Amayi awo anawalola kubwera chifukwa wina analonjeza kuti akawalowetsa sukulu ku tauni ndipo azikalandira kangachepe pamwezi. Kumudzi mayi uja akuuza anzake monyadira kuti mwana wanga ali ku Blantyre, pamene mwanayo akugona kukhitchini, sukulu sanaione, malipiro a miyezi itatu sanalandire.

Akuluakulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Ngati muli naye pakhomo ndipo ndi wa msinkhu wa sukulu, mulembetseni, sukulu za boma zilipo pafupi. Ngati ndi wamkulu, mlipireni pa tsiku limene munagwirizana. Mpatseni foni Lamulungu alankhule ndi amayi ake, ndipo Khirisimasi ikafika mpatseni ya thiransipoti akawaone. Inunso muli ndi ana amene mukuwavutikira pa dzuwa kuti asadzakhale pa benchi ngati inu. Mayi wa ku tiyi akufuna zomwezo basi.