Momwe Kagalasi Kakang'ono Kamatetezera Mkaka wa Alimi

Mkaka ukangokamidwa umakhala wofunda pafupifupi madigiri 37, ndipo ukapanda kuziziritsidwa msanga kufika pa madigiri 4, tizilombo timaculuka mpaka umasasa. Kwa alimi a ng'ombe za mkaka ku Palabana m'boma la Chongwe, mkaka wosasa ndi ndalama zotayika cifukwa ogula amaukana. N'cifukwa cake manambala ooneka pa kagalasi ka thanki yoziziritsira mkaka ndi ofunika kwambiri.

Kodi manambalawo amafika bwanji pamenepo? Kuseri kwa kagalasiko kumakhala kakompyuta kocepetsetsa kochedwa microcontroller. Kacipangizo kopimira kutentha kamatumiza uthenga kwa iko, ndipo iko kamauza kagalasi zoti kaonetse. Ophunzira ambiri amayambira pa Arduino, yomwe inayambika ku Ivrea m'dziko la Italy m'caka ca 2005.

Kagalasi pakokha sikadziwa nambala kapena cilembo. Mwacitsanzo, kofala koyendetsedwa ndi SSD1306 kali ndi timadontho 8,192, ndiko kuti mizere 64 ya timadontho 128. Kuti nambala 4 ioneke, timadontho tina tiyenera kuyaka, tina kuzima. Kulamula kadontho kalikonse pakokha ndi nchito yotopetsa, coco amisiri amagwiritsa nchito laibulale, yomwe ndi mtolo wa malamulo olembedwa kale ndi akatswiri ena. Imodzi mwa zodziwika ndi U8g2, yolembedwa ndi a Oliver Kraus, ndipo imapezeka mwaulere pa intaneti. Mmisiri amangolemba kuti nambala ikhale pakutipakuti, zotsalazo laibulale ndiyo imamaliza. Uthengawo umadutsa m'mawaya awiri okha, mwa njira ya I2C yomwe kampani ya Philips inakonza m'caka ca 1982.

Komabe pali zofunika kusamala. Arduino Uno ili ndi malo osungira zinthu ikamagwira nchito okwana mabaiti 2,048 okha, pomwe cithunzi cathunthu ca kagalasiko cimadya mabaiti 1,024, lomwe ndi theka. Malo akacepa, cipangizo cingaime osacenjeza munthu. U8g2 imatha kujambula cithunzi cigawocigawo, njira yocedwerapo koma yosunga malo. Cinanso, kagalasi ka SH1106 kamafanana maonekedwe ndi ka SSD1306, ndipo wosankha dzina lolakwika m'laibulale angaone zobalalika.

M'caka ca 2024, cilala citacepetsa madzi m'damu la Kariba, magetsi ankazima maola ambiri patsiku. Pa nthawi ngati imeneyo thanki imaleka kuziziritsa, koma kacipangizo kotere kokhala ndi batire kamapitiriza kuonetsa momwe mkaka ukufundira, ndipo mlimi amadziwa nthawi yolizira jenereta kapena yothamangira kwa ogula. Musanakadalire, yambani mwayerekeza manambala ake ndi a thermometer yodalirika.