Mayeso a JC: Anachoka, Nabweranso

Makolo a m'boma la Chiradzulu, kuyambira ku Namitambo kufikira ku Namadzi, akumbukira kuti m'chaka cha 2015 boma linalengeza za kutha kwa mayeso a JC, amene ana amalemba potsiriza Fomu 2. Otsiriza kuwalemba anali a mu 2016. Akuluakulu anati mayesowo anali kudya ndalama zambiri, ndiponso satifiketi yake inali itasiya kupezetsa munthu ntchito.

M'chaka chomwecho cha 2015 silabasi yatsopano, yokonzedwa ku Malawi Institute of Education ku Domasi, inalowa mu Fomu 1. Phunziro la Physical Science linagawidwa pawiri, Physics ndi Chemistry, ndipo aphunzitsi analangizidwa kuti aziyesa ana pang'onopang'ono chaka chonse.

Ganizolo linali labwino ndithu. Koma taonani m'mene linagwera pa sukulu za CDSS, kumene ana athu ambiri amaphunzira. Mphunzitsi mmodzi, kalasi lodzaza: makope onsewo akanawachonga nthawi yanji? Mwana anali kuyenda zaka zinayi osayesedwa ndi munthu wakunja, nadzadzidzimuka pa MSCE. Wolekera panjira, kawirikawiri mtsikana, anali kubwerera kumudzi wopanda pepala lililonse m'manja, ndipo ichi ndicho chinatiwawa koposa ife makolo.

Mu 2021 bungwe la MANEB linalembetsanso JC, ndipo ambiri tinakondwera. Komabe mayesowo anabwera okha, opanda zipangizo. M'sukulu zambiri zakumudzi mwana akulemberabe Chemistry asanagwirepo ngakhale botolo limodzi loyesera mankhwala.