Tiziphuphu ta pa fupa ndi ta m'mapapo n'tosiyana

Nthawi ya Idi ikafika, ng'ombe ndi mbuzi zimazingidwa zambiri kuno ku Karonga, ndipo mikangano pa nyama siichedwa. Wina waona kafundo pa fupa la mwendo, basi wayamba kunena kuti ng'ombeyo inali yodwala. Tiyeni timvetsetsane abale, chifukwa nyama yabwino ikutayidwa pachabe pomwe yoopsa ikulowa mumphika.

Fupa silikhala losalala ngati botolo ayi. Kumapeto kwake, pafupi ndi polumikizira, pamakhala timitu tozungulira. Apa ndi pamene mitsempha yolimba ija imagwira kuti mnofu ukoke fupa, ndipo ng'ombe yolima kapena yokoka ngolo timatiti timaonekera kwambiri. Ngakhale nthiti iliyonse ili ndi kake pafupi ndi msana. Kuyesa kwake n'kosavuta: kafundo kachilengedwe n'kolimba ngati fupa lenilenilo, ndipo mukayang'ana mwendo winawo mukapezanso pamalo omwewo.

Asodzi athu amaidziwa kale nkhaniyi. Mpasa yaimuna ikamakwera North Rukuru kapena Songwe kukaswana, imamera tiziphuphu tokhakhala kumutu. Si matenda amenewo, yangokhala pa nyengo yake.

Toopsa tili mkati. Mukatsegula chifuwa cha ng'ombe, yang'anani mapapo, chiwindi ndi timianabele ta pakhosi ndi pakati pa mapapo. Mukapeza timibulu totuwa kapena tachikasu, toti mukadula mkati mwake muli zoumbika ngati mafinya ouma, nthawi zina mpeni n'kumamveka ngati ukudula mchenga, imani kaye. Chimenechi chikhoza kukhala chifuwa chachikulu cha ng'ombe. Dzina loti TB lomwe timalimva kuchipatala linachokera pa timibulu tomweti, ndipo kachilombo ka mtundu wa anthu anakapeza Robert Koch mu 1882. Ka ng'ombe ndi kachibale kake, ndipo kamagwiranso munthu.

Chovuta n'chakuti ng'ombe yotere imatha kuoneka yonenepa bwinobwino kwa miyezi yambiri. Njira yaikulu yomwe kachilomboka kamatifikira ndi mkaka wosawiritsa. Apa tikudziwa tikhumudwitsa ena, poti ndani kuno safuna chambiko pa nsima? Koma kusasa kwa mkaka si chitetezo chodalirika. Wiritsani kaye, uzizire, kenako muusasitse. Boma lathu lino si lachilendo pa nkhani za TB: ku Chilumba kafukufuku anayamba mu 1979 ndi khate, pambuyo pake n'kuphatikizapo chifuwa chachikulu.

Kuzinga mwa halali kumatsimikiza kaphedwe, koma sikupha tizilombo. Tsono mukaona timibulu totere musangodula malo oipawo n'kugawa yotsalayo kwa osauka ndi anansi. Musaponyerenso agalu mapapowo. Ikani nyama yonse padera, sambani m'manja ndi sopo, tsukani mipeni, ndipo itanani mlangizi wa ziweto aone ziwalo zamkati zisanasakanizidwe ndi za ng'ombe ina. Mumuuzenso khola lomwe ng'ombeyo yachokera, chifukwa zinzake zatsala komweko ndipo zikukamidwabe.