Mwana wosakhazikika: si mwano, si ufiti

Amayi ndi abambo omvera wailesi yathu, kuchokera ku Fingoé mpaka m'midzi ya m'malire a Zambia, kodi muli naye mwana wotere? Mukamutuma mchere amabwerako chimanjamanja, waiwala. M'kalasi amangodzukadzuka, amadula anzake pakamwa, makope sachedwa kutaya. Mwamukwapula mpaka mwatopa. Ena akuti ndi mwano, ena akuti anamulodza.

Azachipatala vutoli amalidziwa. Pachingerezi amati ADHD, pachipwitikizi TDAH. Ubongo wa mwanayo umavutika kuika maganizo pa chinthu chimodzi komanso kudziletsa. Padziko lonse, ana pafupifupi 5 mwa 100 alionse ali nalo, ndipo kawirikawiri limakhala la kumtundu.

Komatu si mwana aliyense wopulupudza amene ali ndi ADHD. Adokotala amaona ngati zizindikiro zinayamba asanakwanitse zaka 12, ngati zatha miyezi 6, ndiponso ngati zikuoneka kunyumba ndi kusukulu komwe. Njala, kusowa tulo, kusamva bwino ndi khunyu nazonso zimasokoneza mwana m'kalasi. Musaiwalenso malungo. Kafukufuku wa ku Blantyre wa mu 2010 anapeza kuti ana ena amene anachira malungo a muubongo anasintha khalidwe, ena anayamba kugwa khunyu.

Mwina achibale a kutauni anakuuzani za chithandizo chotchedwa neurofeedback. Mwana amamumata timawaya pamutu, tolumikizidwa ku kompyuta imene imaonetsa mmene ubongo ukugwirira ntchito. Akaika maganizo pamodzi, masewera a pa kompyutayo amayenda. Maganizo akabalalika, amaima. Njirayi anayamba kuiyesa pa ana ku America m'zaka za m'ma 1970, ndipo mwana amafunika kupitako maulendo 30 kapena 40. Koma mu 2024 akatswiri ataunika kafukufuku 38 anapeza kuti sichepetsa kwenikweni zizindikiro. Choncho musagulitse ng'ombe kapena chimanga chifukwa cha makinawa.

Nanga chothandiza n'chiyani? Yambirani pakhomo:

1. Mutumeni chinthu chimodzi chokha, mukumuyang'ana m'maso, ndipo abwereze zomwe mwanena.
2. Akachita bwino, muyamikireni pomwepo.
3. Nthawi yodya ndi yogona isamasinthesinthe, ndipo azigona m'neti.
4. Pemphani aphunzitsi amukhazike kutsogolo, azimutuma kufufuta bolodi kuti aziongolako miyendo.

Zikapitirira, pitani naye kuchipatala mukafunse wazachipatala woona za maganizo, amene timati técnico de psiquiatria. Ngati n'kofunika, adzakutumizani kuchipatala chachikulu ku Tete. Mankhwala alipo, monga methylphenidate, koma owalemba ndi dokotala yekha. A pamsika musagule.

Chikwapu sichichiza vutoli, chimangomuthawitsa sukulu. Mwana ameneyu nzeru ali nazo, akungofuna kuti mumumvetse. Mukamaliza kuwerenga, kapepalaka mupatsenso mnansi wanu.